Zenera Lachitatu

Ndimakhala pa zenera lachitatu la khoti lalikulu,
pansi pa fani yomwe inaleka kuzungulira ndisanalembedwe ntchito.
Changa ndi chidindo.
Ndikachinyika mu inki, dzanja limadziwa lokha kopita.

A Yotamu Chulu amabwera Lolemba,
jekete lomwelo la ulonda, mabatani atatu osafanana,
fumbi la ku Chawama m'makwinya a nsapato.
Amatsika minibasi m'tauni n'kuyenda wapansi mpaka kuno
kuti patsale ya fotokope.

Mlandu woyamba anasumira tambala wa aneba.
Wachiwiri, khonsolo,
chifukwa chosintha nambala ya nyumba yawo osawafunsa:
"Nanga kalata ikabwera idzandipeza bwanji?"
Tinaseka nthawi ya tiyi. Inenso ndinaseka
mpaka kutsamwa.

Uno ndi wachisanu ndi chiwiri.
Akusumira basi.
Osati kampani, osati dalaivala. Basi yeniyeniyo,
yabuluu, ya mzere woyera m'nthiti,
yomwe inanyamuka pa Intercity m'mawa wina wa Julayi
zaka khumi ndi chimodzi zapitazo,
mwana wawo Limbikani ali pampando wa kuzenera,
ulendo wa ku Joni.
Pempho lawo ndi mzere umodzi, wa bolopeni yofiira:
khoti lilamule basiyo ibweze chomwe inatenga.

Kumbuyo aphatikapo fomu yopempha kuti asalipire.
Ndalama zomwe mumapeza pamwezi: angojambula kamzere.
Katundu amene muli naye: wailesi, mipando iwiri, lisiti.
Lisitilo alimata pomwepo, la tikiti ija,
lofiirira ngati tsamba la fodya.

Oweruza sanachedwe nawo.
Masamba awiri, Chingerezi chosalala ngati simenti ya pakhonde pano:
mlanduwu ulibe maziko,
basi si munthu woti n'kuzengedwa mlandu,
pempho losalipira lakanidwa,
ndipo akadzabweranso ndi zotere, adzayambe alipira.

Sindikuti oweruza analakwa.
Ndimauona mzere womwe umaima kumbuyo kwa a Chulu:
mayi wa ku Kanyama amene alamu ake anamulanda nyumba
misozi ya maliro isanaume,
anyamata a kufakitale osalipidwa chiyambire Epulo,
mafayilo awo akumwa chinyezi m'mashelefu
ife tili kalikiliki ndi tambala.
Tsiku la khoti ndi bulangete lalifupi,
ukafunda kumutu, mapazi ali pamphepo.
Ndimadziwa. Ndimadziuza zimenezo m'minibasi madzulo alionse.

Koma wopereka pepalalo ndine.

Analigwira patali ndi maso, milomo ikuyenda.
Analoza liwu limodzi n'kufunsa tanthauzo lake.
Ndinafunafuna mawu ofewa,
Chinyanja chonse chinandithawa m'kamwa.
"Akuti nkhaniyi ndi yopanda pake."
"Yopanda pake," anabwereza,
ngati mlendo wolawa ndiwo zowawa mchere pakhomo pa eni.
Chete.
Kenaka: "Koma aiwerenga?"
"Aiwerenga, bambo."
"Dzina la mwanayo aliona?"
"Lili patsamba loyamba."

Linalipodi. Limbikani Chulu, zilembo za makina,
pansi pa nkhwazi ya boma.
Anadutsitsapo chala kawiri,
monga amachitira munthu pofuna kuchotsa kachitsotso pamphumi pa mwana.

Anapempha lisiti lija. Silinali lotuluka m'fayilo,
koma ndinalimatula ndi chikhadabo, mosamala,
wamkulu wanga atayang'ana kumbali.
Anapinda chigamulo kanayi, lisiti m'kati,
n'kuika m'thumba la pamtima.
"Apilo ndi zingati?"
Ndinawauza.
Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamva mtengo wa ndege.

"Wotsatira!"
Mayi wa ku Kanyama anafika, mwana kumbuyo,
mapepala ake m'jumbo ya shuga.
Ndikuwerenga masamba ake, diso linathawira panja:
jekete lija likuwoloka msewu pansi pa majakaranda,
osathamanga, magalimoto akuliza mahutala.
Njira ya m'tauni imadzera pafupi ndi Intercity.

Ndinadinda.
Inki ya pachala sinachoke mpaka Lachinayi.